Dennis Liwewe: Mwana wa Kunyanja Amene Anasanduka Mawu a Dziko la Zambia

Pa 22 April 2014, pa chipatala cha Levy Mwanawasa mumzinda wa Lusaka, panamwalira bambo a zaka 78 amene anthu a ku Zambia amawatchula pamodzi ndi akatswiri awo a mpira wa miyendo, ngakhale kuti ntchito yawo inali ya kunja kwa bwalo. Awa anali a Dennis Liwewe, woulutsa mpira pa wailesi ndi pa kanema. Kwa zaka makumi angapo, mawu awo ndi amene ankafikitsa mpira m'makomboni a kumigodi, m'misika ya mu Lusaka, ngakhalenso m'midzi yakutali kumene anthu anali asanaonepo bwalo la Independence.

Ife a kuno ku Mlonyeni tili ndi chifukwa chathu chodziwira mbiri ya bambo amenewa. Choyamba, mawu a wailesi sadinditsa chiphaso pachipata cha Mwami, choncho zimene ankamva anthu a ku Chipata ndi zomwenso ankamva makolo athu mbali ino ya malire. Chachiwiri, a Liwewe anali mwana wa kuno kwathu. Anabadwira ku Nyasaland, anakapeza ntchito tsidya lina, ndipo dziko limene anapitako linawatenga ngati mwana wake weniweni.

Kuchokera kunyanja kupita kumigodi

A Liwewe anabadwa pa 10 January 1936 m'dera la m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Masiku amenewo Nyasaland inali dziko lotumiza anthu ake kukagwira ntchito kunja. Msonkho unkafunika ndalama, koma ntchito zolipira bwino kunalibe. Amuna ambiri ankalemba Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ena ankalowera ku minda ndi mizinda ya Southern Rhodesia, ndipo ena ankapita ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia. Amene sanabwerere ndi aja timawatcha matchona.

Kuyambira 1953 kufika 1963, mayiko atatuwa anali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyachi anthu akuda anachikana kwamtuwagalu, koma chinachititsa kuti munthu wodziwa kulemba ndi kuwerenga asavutike kwenikweni kuchoka dziko lina kukafuna ntchito ku linzake. M'chaka cha 1960, ali ndi zaka 24, a Liwewe analowera ku Northern Rhodesia. Anayamba ntchito ya utolankhani m'manyuzipepala amene makampani a migodi ankasindikizira antchito awo m'chigawo cha Copperbelt.

Kumeneko anapeza mpira uli pachimake. Eni migodi ankadziwa kuti munthu amene wakhala sabata yonse pansi pa nthaka amafuna pomasukira, choncho ankamanga mabwalo ndi kulipirira matimu. Mgodi uliwonse unali ndi timu yake: Nchanga Rangers ku Chingola, Mufulira Wanderers ku Mufulira, Roan United ku Luanshya, ndi Rhokana United ku Kitwe, imene lero timaidziwa kuti Nkana. Osewera ambiri anali antchito a pamgodi pomwepo. Mu 1962 munayamba ligi ya dziko lonse imene azungu ndi anthu akuda ankasewera pamodzi, chinthu chachilendo m'dera lino panthawiyo. Mtolankhani wa nyuzipepala ya pamgodi sakanatha kuuzemba mpira, pakuti ndiyo inali nkhani imene owerenga ankayambira kuifunafuna akalandira pepala.

Wailesi inali itakonza kale njira

Pamene a Liwewe ankafika, wailesi inali itazika kale mizu m'dzikomo. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, inayamba kuulutsira anthu akuda a m'mayiko onse atatu aja m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready. Dzinali linabwera chifukwa kankaoneka ngati sefuliya. Kawailesi kameneka kanalowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo kumvetsera wailesi pagulu, anthu atazungulira kachipangizo kamodzi pakhonde, kunasanduka chizolowezi.

Kanema anafika ku Kitwe mu 1961, koma kwa zaka zambiri anali wa anthu ochepa a m'tauni. Kuno ku Malawi tinadikira mpaka 1999 kuti tikhale ndi kanema wathuwathu. Choncho kwa munthu wa kumudzi, kaya ku Chipata kaya ku Mchinji, mpira wa timu ya dziko unali chinthu chomva ndi makutu. Amene wagwira maikolofoni ndiye anali maso a anthu onse.

A Liwewe anayamba kuulutsa mpira m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene Malawi ndi Zambia zinkalandira ufulu, Malawi pa 6 July ndipo Zambia pa 24 October 1964. Anagwira ntchitoyi pa wailesi ya boma, imene inkatchedwa Zambia Broadcasting Services ndipo pambuyo pake inasanduka ZNBC. Anakhalanso mtolankhani wotumiza nkhani za masewero ku BBC, zimene zinachititsa kuti dzina lawo lidziwike kunja kwa Zambia.

Luso loonetsa munthu chinthu ndi mawu okha

Ambiri timaganiza kuti kuulutsa mpira ndi kukuwa basi. Koma taganizirani zimene munthu wa pa wailesi ayenera kuchita m'kamphindi kamodzi. Ayenera kunena amene ali ndi mpira, mbali ya bwalo imene uli, kumene ukulowera, ndi amene akubwera kudzaulanda. Ayenera kukumbutsa omvera zigoli ndi nthawi imene yatsala, chifukwa wina wangotsegula kumene wailesi akuchokera kudimba. Ayenera kuloweza mayina a osewera 22, theka la iwo alendo a mayina ovuta, ndi kuwazindikira ali patali poona kathamangidwe kawo. Akangokhala chete pang'ono, womvera amayamba kugwedeza wailesi poganiza kuti mabatire atha. Mpira ukakhala wa kunja kwa dziko, mawu ankadutsa pa lamya, ndipo woulutsa ankalimbana ndi phokoso la bwalo la eni ake limene likuchemerera adani.

A Liwewe ankaulutsa m'Chingerezi, koma ngakhale agogo osadziwa chilankhulocho ankatsatira bwinobwino. Chinsinsi chinali pa kakwezedwe ka mawu. Mpira ukakhala pakati pa bwalo ankalankhula modekha. Ukamayandikira golo, mawu ankathamanga ndi kukwera, mayina a osewera akutsatana ngati kulira kwa ng'oma, mpaka womvera amadzuka pampando asanadziwe n'komwe chimene chachitika. Chigoli chikalowa, kukuwa kwawo kunkamveka mudzi wonse kudzera m'mawailesi onse amene atsegulidwa. Ochemerera ena ankanyamula mawailesi popita kubwalo kuti azimva a Liwewe akufotokoza mpira umene iwo eni akuuona ndi maso.

Sankabisa kuti ali mbali ya Zambia. M'mayiko ena woulutsa mpira amayembekezeka kusakondera, koma dziko limene langolandira ufulu, la zilankhulo ndi mitundu yoposa 70, linkafuna chinthu choti Mbemba, Mtonga, Mlozi ndi Mngoni achikondwerere pamodzi. Boma la a Kenneth Kaunda linkalalikira umodzi m'misonkhano, pamene timu ya dziko inkauonetsa m'bwalo. Mawu a Liwewe ndi amene ankalumikiza bwalolo ndi anthu.

Zaka za KK Eleven

A Liwewe ndi amene anaipatsa timu ya dziko dzina loti KK Eleven, potengera zilembo zoyamba za dzina la pulezidenti Kaunda, amene ankakonda mpira ndipo ankapezeka kubwalo kawirikawiri. Dzinali linakhala mpaka pamene a Kaunda anagonja kwa a Frederick Chiluba pa chisankho cha mu October 1991. Kuchokera apo timuyi inadziwika ndi dzina loti Chipolopolo.

Zaka za m'ma 1970 zinapatsa a Liwewe osewera oyenera mawu awo. Wamkulu mwa onse anali Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene anthu ankamutcha Ucar, dzina la mabatire amene ankadziwika kuti sakutha msanga. Bungwe la mpira la ku Zambia limanena kuti Chitalu anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972 chokha. Nkhaniyi inadzutsidwanso mu 2012 pamene Lionel Messi anagoletsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, koma bungwe la FIFA silinavomereze chiwerengero cha Chitalu ngati mbiri ya dziko lonse. Apa pali phunziro kwa ife a ku Africa: zambiri zimene akatswiri athu anachita zinatsala m'makutu a anthu amene anamvera pa wailesi, chifukwa sitinasamale kuzilemba ndi kuzisunga.

Mu 1974 Zambia inapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa, ku Egypt, ndipo inafika mu ndime yomaliza. Pa 12 March mumzinda wa Cairo inalepherana ndi Zaire zigoli ziwiri kwa ziwiri, zigoli za Zambia zikuchokera kwa Simon Kaushi ndi Brighton Sinyangwe. Mpirawo unabwerezedwa patatha masiku awiri, ndipo Zaire inapambana 2-0. Zigoli zonse zinayi za Zaire m'masewero awiriwa anagoletsa ndi munthu mmodzi, Ndaye Mulamba. Zambia inabwerera ilibe chikho, koma inali itadziwika mu Africa monse. Inadzakhalanso pa nambala yachitatu mu 1982 ku Libya ndi mu 1990 ku Algeria.

Mu 1977 a Kaunda anapatsa a Liwewe mendulo ya ulemu ya Order of Distinguished Service. Munthu amene analowa m'dzikomo ngati wofuna ntchito zaka 17 m'mbuyomo tsopano anali kulemekezedwa ndi mtsogoleri wa dziko.

Pamene kwawo kunakumana ndi kwawo

Malawi ndi Zambia zinkakumana kawirikawiri mu mpikisano wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, umene lero timautcha CECAFA. Mu 1978 mpikisanowu unachitikira kuno, ndipo timu ya Malawi ya masiku a Kinnah Phiri, pansi pa mphunzitsi Ted Powell, inagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Mu 1988 mbiri inadzibwereza: Malawi inatenganso chikhocho pakhomo itagonjetsa Zambia 3-1.

Masewero otere anali ndi kukoma kwakekwake m'dera ngati lathu. Angoni a kwa Mlonyeni ndi a kwa Mpezeni ndi anthu amodzi, ndipo chaka ndi chaka anthu amaoloka malire kupita ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni. M'banja limodzi mumapezeka malume wa ku Chipata ndi mphwake wa ku Mchinji. Tsiku la mpira wina ankatsegula MBC, wina wailesi ya ku Lusaka, ndipo pa wailesi ya ku Lusaka amene ankaitanira zigoli pa golo la Malawi anali mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Anasankha dziko limene ankalitumikira ndipo analitumikira ndi mtima wonse. Kwa omvera a MBC dzina la Liwewe silinakhale lachilendo, pakuti nafenso tinazolowera kumva mpira m'mawu a Steve Liwewe Banda.

M'chaka chomwecho cha 1988 Zambia inachita chinthu chimene chinadabwitsa dziko lonse. Pa masewero a Olympic a ku South Korea, pa 19 September mumzinda wa Gwangju, inathambitsa Italy 4-0, Kalusha Bwalya akugoletsa zigoli zitatu. Ngakhale inatuluka mu ndime ya matimu asanu ndi atatu itagonja 4-0 kwa West Germany, Kalusha anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa m'chaka chimenecho. Matimu a kumigodi nawonso anali pamwamba: Nkana inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a mu Africa mu 1990, ndipo Power Dynamos ya ku Kitwe inatenga chikho cha African Cup Winners' Cup mu 1991. Anthu anayamba kukhulupirira kuti m'badwo umenewu ukafika ku World Cup ya 1994.

Usiku wa pa 27 April 1993

Koma kuseri kwa chimwemwechi chuma cha dziko chinali chitadwala. Mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 ndipo sunadzukenso msanga. Bungwe loyendetsa mpira linalibe ndalama zokwanira zolipirira ndege za anthu wamba, choncho timu inkayenda pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, imene inkayenera kutera malo angapo kuti imwe mafuta.

Pa 25 April 1993 Zambia inagonjetsa Mauritius 3-0 kwawo komweko, Kelvin Mutale akugoletsa zigoli zonse zitatu. Patatha masiku awiri timuyi inanyamuka ku Lusaka kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal mu mpikisano wolimbirana malo ku World Cup. Ndegeyo inatera ku Brazzaville, kenako ku Libreville m'dziko la Gabon. Itangonyamuka ku Libreville usiku wa pa 27 April, inagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 amene anali m'ndegemo anamwalira, 18 mwa iwo osewera. Lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 linati injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa molakwitsa injini ya kumanja imene inali yabwino.

Ena mwa omwalirawo anali goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Timothy Mwitwa, John Soko, Richard Mwanza, Patrick Banda ndi Kelvin Mutale yemwe uja. Mayina ngati Soko, Mwanza ndi Banda ndi omwe timaitana m'makalasi athu kuno ku Mchinji. Munalinso mphunzitsi wa timuyo, Godfrey Chitalu, ndi womuthandiza wake Alex Chola, pamodzi ndi mtsogoleri wa bungwe la mpira, a Michael Mwape, ndi mtolankhani Joseph Salim. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven m'dziko la Netherlands ndipo anali woti akakumane ndi anzake ku Dakar.

Kwa a Liwewe, amene panthawiyo anali ndi zaka 57, awa sanali mayina a papepala. Chitalu ndi Chola anawaulutsa akusewera m'zaka za m'ma 1970. Achinyamatawo anawaona akutuluka m'matimu a m'migodi ndi a m'tauni mpaka kuvala yunifolomu ya dziko. Pakamwa pomwe panazolowera kutchula mayinawa mwachimwemwe ndi pomwe panayenera kuwatchula ngati malemu. Matupi awo anaikidwa kunja kwa bwalo la Independence ku Lusaka, pamalo amene amatchedwa Heroes' Acre, kotero kuti aliyense wopita kukaonera mpira pabwalopo amadutsa pafupi ndi manda awo.

Timu yatsopano

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma amatinso maliro akatha anthu amabwerera kumunda. Zambia inasonkhanitsa timu ina m'masabata ochepa, Kalusha ali mtsogoleri wake, ndipo boma la Denmark linathandiza poiitana kukakonzekera kumeneko. Pa 4 July 1993, patangotha masabata khumi chichitikireni ngoziyo, timu yatsopanoyi inakumana ndi Morocco pa bwalo la Independence. Morocco ndi imene inayamba kugoletsa, koma Kalusha anabweza ndi mpira wa firikiki ndipo Johnson Bwalya anagoletsa chachiwiri. Zambia inapambana 2-1.

Pa 10 October chaka chomwecho, ku Casablanca, Zambia inkangofunika kufanana mphamvu ndi Morocco kuti ipite ku World Cup, koma inagonja 1-0. Woyimbira mpirawo anali wa ku Gabon, chinthu chimene chinawonjezera kuwawa kwa anthu a ku Zambia. Mu April 1994, chaka chisanathe chichitikireni ngozi ija, timu yomweyi inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia. Elijah Litana anagoletsa mpira utangoyamba, koma Emmanuel Amunike anabweza kawiri ndipo Nigeria inapambana 2-1. Kachiwiri, a Liwewe anaona dziko lawo likufika pakhomo pa chikho n'kubwerera chimanjamanja.

Moyo wa kuseri kwa maikolofoni

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kwa zaka zambiri kuulutsa mpira kunali ntchito yowonjezera. Ntchito imene inkadyetsa banja lawo inali ya kumigodi. Kuchokera pa utolankhani anakwera mpaka kukhala mkulu woona za kufalitsa nkhani mu kampani ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982 pophatikiza makampani awiri akuluakulu a migodi ya kopa. Anapuma pantchitoyi mu 1986, koma pa maikolofoni sanachokepo. Munthu amene Lolemba anali muofesi atavala suti ndi tayi ndi yemweyo amene kumapeto kwa sabata ankakuwa mpaka mawu kusasa.

Anali munthu wopemphera, wa mpingo wa Anglican, umene unawapatsa udindo wa ulemu wa Canon ngakhale sanali wansembe. Chikondi cha mpira anachisiyira ana awo: Ponga Liwewe anadziwika ngati katswiri wothirira ndemanga pa nkhani za mpira, ndipo anakhalapo mlembi wamkulu wa bungwe la mpira la Zambia, FAZ.

M'zaka zawo za ukalamba anaona zinthu zikusintha. Migodi inagulitsidwa kwa anthu apadera, ndipo matimu amene ankadalira migodiyo anavutika. Makanema a setilaiti anabweretsa ligi ya ku England m'nyumba ndi m'mashedi oonetsera mpira, kotero kuti mnyamata wa ku Chipata kapena wa pa Kamwendo anayamba kudziwa bwino osewera a Arsenal ndi Manchester United kuposa a timu ya kwawo. Ntchito ya woulutsa nayo inasintha, pakuti pa kanema woonera amadzionera yekha mpira, ndipo wolankhula amangothandiza kumasulira zimene zikuoneka. Komabe oulutsa mpira achinyamata ambiri m'dera lino anaphunzira ntchito potsanzira kakwezedwe ka mawu ka a Liwewe, ndipo ana osewera mpira wachikulunga ankadziulutsa okha m'kayankhulidwe komweko.

Kubwerera ku Libreville

Mulungu anawasunga kufikira ataona chimene anachidikira moyo wawo wonse. Mu 2012 chikho cha Africa chinachitikira ku Gabon ndi Equatorial Guinea. Zambia, pansi pa mphunzitsi Hervé Renard ndi kaputeni Christopher Katongo, inasewera masewero ake onse ku Equatorial Guinea, ndipo njira yokhayo yopondera ku Libreville inali kufika mu ndime yomaliza. Inafikadi. Mpira usanaseweredwe, osewera pamodzi ndi Kalusha Bwalya, amene tsopano anali mtsogoleri wa FAZ, anapita kugombe kukaponya maluwa m'nyanja pafupi ndi pamene ndege ija inagwera.

Pa 12 February 2012 anakumana ndi Ivory Coast, timu yodzaza ndi akatswiri osewera ku Ulaya. Didier Drogba anaphonya penate m'chigawo chachiwiri. Mpira unatha popanda chigoli ngakhale atawonjezera nthawi, ndipo pa mapenate Zambia inapambana 8-7, Stoppila Sunzu akumenya yomaliza. Zinatenga zaka 38 kuchokera ku Cairo ndi zaka pafupifupi 19 kuchokera usiku wa ngozi uja. A Liwewe anali ndi zaka 76. Anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri, ndipo anamwalira atadwala matenda a chiwindi.

Mlendo ndi kalumo kake

Makolo athu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mbiri ya a Liwewe imatsimikiza mwambiwu, koma mbiri ya Zambia yomweyo imasonyeza kuti mlendo salandiridwa nthawi zonse. A Kenneth Kaunda nawonso anali mwana wa makolo ochokera ku Nyasaland: bambo awo, a David Kaunda, anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukagwira ntchito ku Chinsali. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sanali nzika zobadwira m'dzikomo asapikisane nawo pa upulezidenti, ndipo mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti munthu amene analamulira Zambia zaka 27 sanali nzika yake. Chigamulochi chinadzathetsedwa pambuyo pake. Pamene andale ankafufuza kumene makolo a munthu anabadwira, ochemerera mpira ankapitiriza kutenga mawu a mwana wa kunyanja uja ngati mawu a dziko lawo.

Nkhani imeneyi ndi yathu ife a m'malire kuposa wina aliyense. Ambiri mwa ife tili ndi achibale mbali zonse ziwiri. Odwala athu ena amakalandira chithandizo pa chipatala cha Mwami, ndipo anzathu a tsidya ilo amadzagula ndi kugulitsa m'misika yathu. Ena mwa amene tikuphunzira pano adzapeza ntchito ku Chipata, ku Tete kapena ku Johannesburg, kumene lero Amalawi ambiri amakhala mwamantha chifukwa cha chidani cha pa alendo. Enanso tidzakhala aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a mipingo amene tidzalandira ana a anthu ochokera kwina.

Tikadzakhala alendo, a Liwewe atisiyira chitsanzo cha munthu amene anaphunzira mayina a eni dziko, anakondwa nawo pa chimwemwe chawo, ndipo analira nawo pa maliro awo mpaka anasanduka mmodzi wa iwo. Tikadzakhala eni mudzi, tikumbukire kuti mu 1960 wina ku Copperbelt anatsegulira chitseko mnyamata wa ku Nyasaland wa zaka 24, osadziwa kuti akulandira munthu amene adzalankhulire dziko lonse. Mwana wa katchulidwe kachilendo amene adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu akhoza kukhala atanyamula kalumo kotere. Mufunseni dzina lake, ndipo mulitchule bwino.